Nyali za Pamanda a Bambo Wrona

Nyali zinayamba kusowa pamanda a malemu Wrona litangodutsa tsiku la Oyera Onse. Ana awo anayatsapo nyali zagalasi khumi ndi ziwiri, koma kutacha zitatu panalibe. Usiku wotsatira zinasowanso zitatu.

Mwana wawo wamkulu, a Bogdan, anakauza wansembe kuti mlonda wa manda, a Zenon, akugulitsa nyalizo n'kumamwera mowa, choncho achotsedwe ntchito Lamlungu. Zinandipweteka, poti a Zenon ndiwo ankasesa pamanda a mayi anga popanda wowatuma.

Kenaka kunamveka manong'onong'o oti kunkhalango, kumene kunali msasa wa asilikali a ku Russia, kukuoneka timoto. Asilikaliwo anakhala kwathu zaka zoposa makumi anayi kuseri kwa waya waminga, n'kuchoka pa sitima bambo anga akadali mnyamata. Anthu ankati mizimu yawo yabwerera.

Usiku wachitatu ndinabisala kuseri kwa tchalitchi. Chipata cha manda chinalira pang'onopang'ono, ndipo panatuluka chithunzithunzi chowerama, magalasi akugundana m'chikwama. Ndinachitsatira kudutsa bwalo la ndege long'ambikang'ambika la asilikali aja mpaka pakati pa mitengo ya paini pamene panali timitumbira khumi ndi tiwiri topanda mayina.

"Kinga, ukupumatu ngati ng'ombe," chinanong'ona, chikunditchula dzina. "Bwera undigwirire machesi."

Anali mayi Leokadia, mkazi wa malemu Wrona. Anandiuza kuti ankachapa zovala kumsasako, ndipo makanda a asilikali akamwalira, amene ankawasambitsa anali iwowo. Timitumbirato tinali ta makandawo. Amayi a anawo anakwera sitima akulira ndipo sanabwerenso. Mayi Leokadia ankayenda mobisa chifukwa a Bogdan sankafuna n'kumva komwe za msasawo.

"Mwamuna wanga sankaopa mdima," anatero. "Awa ndi ana."

Ndinalimba mtima n'kuwauza za a Zenon. Lamlungu mayiwo anaima pakhomo pa tchalitchi, anthu onse akumva, nati, "Bogdan, mbava ija ndine, mayi ako. Kandinenere kwa wansembe."

A Zenon ntchito sinawathere. Madzulo ake ananyamula okha chikwama cha mayiwo, muli nyali zitatu za timitumbira totsala, ine ndili pambuyo. Titafika tinapeza timitumbira tonse khumi ndi tiwiri tikuwala kale. Chipale chofewa chinali chitagwa masana, ndipo panalibe phazi la munthu.

Mayi Leokadia anangowerama n'kukonza chivundikiro cha nyali imodzi kuti mphepo isaizimitse.