Mtengo wa Mabli ndi Chipata cha Linga

Mabli anali ndi mtengo wa maapozi. Anaudzala ndi amayi ake asanamwalire. Mtengowo unali m'dimba, kuseri kwa linga lakale la ku Wales. Koma malowo anali a khonsolo.

Tsiku lina kunabwera anthu ofukula zakale. Anabwera ndi mafosholo ndi zingwe zotchingira malo okumba. Wamkulu wawo anali Mayi Ellery.

"Pansi pano pali chipata cha linga," anatero Mayi Ellery. "Khonsolo yatilola kukumba."

Anakumba. Kabichi wa a Emrys, olima nawo m'dimbamo, anapita. Anakumbanso. Anyezi wa anzawo, a Nesta, anapita. Kenako chingwe chinafika pamtengo wa Mabli.

Mabli anakwera mumtengo. Kunkazizira. Mtengo unalibe masamba.

"Tsika, mwanawe," anatero Mayi Ellery. "Mizu ikuswa khoma."

"Khoma lanulo limabala maapozi?" anafunsa Mabli.

Bambo ake anabwera. "Tsika, mwanangu. Malowa si athu."

Mvula inayamba. Manja a Mabli anachita dzanzi. Anatsika akulira.

Sowo inalira. Mtengo unagwa, khu! Mabli anathyola kanthambi. Anathawa nako.

Kunyumba, bambo anatenga mpeni. Anasema kanthambi kaja. Anakalumikiza pa kamtengo kena ka mu ndowa. Anamanga ndi nsanza.

"Kaphuka, adadi?"

"Kaya. Tidikire."

Kudimba kuja anthu ankakumbabe. Anapeza nsanja ziwiri. Anapeza ngalande yakuya. Anapeza mivi ya dzimbiri.

"Taona kukongola!" anatero Mayi Ellery. "Mdani sakanalowa apa."

"Mdaniyo anali ndani?" anafunsa Mabli.

"Ife," anayankha bambo. "Mfumu ya ku England inamanga chipatachi. Inkafuna kuti makolo athu asalowe."

"Mpaka lero chikutithamangitsa," anatero Mabli.

Anthu aja anayeza miyala. Anajambula miyala. Atatha, anayamba kukwirira miyala!

Mabli anathamangira kuchingwe. "Mukukwiriranso?"

"Eya. Dothi limasunga miyala bwino."

"Nanga mtengo wa amayi anga mwaupheranji?"

Mayi Ellery anayang'ana pansi. "Pepa, mwanawe."

"Pepa sapoletsa chilonda!"

Magalimoto anapita. Panatsala dothi lokhalokha. Chipata panalibe. Mtengo panalibe. Khonsolo inaletsa kudzalapo mitengo.

Mabli anasiya kudutsa njira ya kulinga.

Chisanu chinatha. M'mawa wina bambo anaitana.

"Mabli! Iwe kamkango, tadzaona!"

Mabli anatuluka opanda nsapato. Pa kanthambi kaja panali tsamba. Tsamba limodzi, laling'ono, lobiriwira.

Mabli anagwada. Analikhudza ndi chala. Bambo anagwada pambali pake.

"Ndi mtengo wa amayi womwe uja?"

"Womwe uja. Tiudzale kuti?"

Mabli anakumbatira ndowa.

"Ukhale momwemu, adadi. Akabweranso ndi zingwe zawo, tiunyamula."