Injini Yopuma Limodzi ndi Joaninha

Armindo anayamba kulimva phokosolo Lolemba madzulo, ali pamzere wa magalimoto pafupi ndi Nhartanda, mumzinda wa Tete. Pansi pa boneti ya galimoto yake china chake chinkalira fyii, fyii, ngati munthu wokoka mpweya pakati pa mano. Akangoima, injini inkanjenjemera n'kuzima yokha, ndipo buleki inkalimba ngati mwala.

Mantha ake anali pa mwana. Joaninha, wa zaka zitatu, anali ndi mphumu, ndipo ikamugwira pankafunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Lachiwiri kutangoda, Armindo akuunika mu injini ndi tochi ya pafoni, mkazi wake Lyness anaima pakhonde, pakati pa galimoto ndi zenera la chipinda chimene mwana anagona. Ananong'ona kuti ziwirizo zikupuma limodzi. Armindo anamukalipira, koma atatchera khutu anamva yekha: injini ikakoka mpweya, mwananso ankakoka. Pofika Lachitatu, amayi ena a m'dera la Samora Machel ankanena kuti mwini wake woyamba wa galimotoyo, munthu wa ku Moatize, ana ake sankakula.

Lachinayi dzuwa litalowa Armindo anapita nayo ku ofisina, galaja ya a Reginaldo, mekaniko wachikulire. Lyness anakhala pampando wakumbuyo atafungata mwana, yemwe chifuwa chinali chitayamba kulira. Magetsi anali atazima dera lonselo, ndipo malata ankathetheka pozizira.

A Reginaldo anaseka. Anati nkhani ndi yaing'ono: injini ikuyamwa mpweya pamalo olakwika, chifukwa kutentha kwa Tete kumang'amba mapaipi a labala. Anatenga kachidutswa ka paipi, mbali ina n'kuika kukhutu, mbali ina n'kumayendetsa pang'onopang'ono mu injini yolirayo, mpaka anaima pa paipi yopita ku buleki.

“Nayi mfiti yanu, bambo a Joaninha,” anatero, n'kutseka mng'aluwo ndi chala.

Phokoso lija linatha. Injini inasiya kunjenjemera.

“Armindo,” Lyness anaitana chapansipansi. “Mwana.”

Joaninha anali atatong'ola maso, kukamwa yasa, chifuwa chili zii. A Reginaldo atacheuka, chala chinachoka pamng'alu. Fyii. Mwana anakoka mpweya mwamphamvu n'kuyamba kutsokomola.

Mekanikoyo anasendezanso chala kuti ayese kachiwiri, koma Armindo anawagwira dzanja. A Reginaldo ananena, osayang'ana munthu, kuti paipi yatsopano ilipo, ndipo popanda iyo buleki sigwira bwino.

“Ndiike?”

Armindo anayang'ana mkazi wake. Milomo ya mwana inali itayamba kutuwa, ndipo kuchipatala kunali kutali.

“Tsekani boneti, amesitiri.”

Anatuluka pageti pang'onopang'ono kulowera kuchipatala, phazi lili pamoto kuti injini isazime, Lyness akuwerenga chamumtima fyii aliyense, wa kutsogolo ndi wa pamiyendo pake.