Phazi la a Venansio

Mng'ono wanga Brenda akuchita digiri yachiwiri ya zopanga zipangizo zachipatala. Anapanga kamphasa ka mawaya kolumikiza ku laputopu. Wodwala shuga akapondapo, phazi lake limaoneka pa sikirini, ndipo pofiira ndi pamene chilonda chikufuna kuyamba. Ine wogulitsa kaunjika ndinkangomuseka kuti sukulu yonseyo n'kuthera pa mapazi a anthu.

A Venansio, aneba athu kuno ku Bangwe, ndiwo ankapondapo kawirikawiri. Phazi lawo lamanzere linalibe zala ziwiri. Kafukufuku yense wa Brenda anatsamira pa iwo. Atamwalira, akazi awo a Kristina anabwera.

“Mwanawe, kwathu ku Nsanje wotapa phazi la mnzake timamuopa. Bweza, bamboyo ayende.”

Brenda anawayankha mwaulemu kuti ndi chithunzi chabe. Kufufuta sakanatha, mayeso anali atayandikira.

Lachinayi madzulo magetsi anathima tikutsuka mbale. Kamphasako kanali pakhonde, chingwe chitadutsa pansi pa chitseko. Brenda ankakonza zina pa laputopu.

“Odi.”

Mawu otsika, otopa. Ndinasuzumira pawindo. Pakhonde panalibe munthu.

“Sisi,” Brenda ananong'ona, “taonani.”

Pa sikirini panali phazi lamanja. Kenako lamanzere linatera pang'onopang'ono, monga amapondera munthu woopa ululu. Zala zitatu. Mapaziwo analoza kuchitseko chathu.

Ndinachita mantha, sindinama.

“Fufuta,” ndinatero.

“Zaka zanga zonse zija, sisi?”

“Odi,” anateronso kunjako, tsopano pafupi ndi kabowo ka kiyi.

Brenda anafufuta akulira. Chithunzi chilichonse cha a Venansio, mpaka chomaliza. Pa sikirini lamanzere linanyamuka, lamanja n'kutsatira. Kunja galu wa eni nyumba anayamba kuuwa cha kumsewu.

Sitinagone. M'mawa ndinamuuza kuti digiri ina adzaipeza, bola mtendere. Kenako foni yake inalira. Anali a Dokotala Howard, aphunzitsi omuyang'anira, akuimba ali kunyumba kwawo ku Chinyonga. Brenda anali atawatumizira zithunzi zonse sabata yatha.

“Brenda,” anatero a Dokotala, “kodi mdala wosavala nsapato ameneyu ndi wako? Wachezera pageti panga. Alonda akuti sakumuona.”