Kompyuta Yozima pa Magharibi

Madzulo amenewo Mubarak ankapukuta fumbi pa kompyuta, monga ankachitira asanatseke kashopu kake koikira nyimbo m'mafoni pa Chikweo. Kumzikiti atangoyamba kuitanira swala ya Magharibi, pemphero la polowa dzuwa, makinawo analira ngati chitseko cha dzimbiri, kenako zii! M'kashopumo munamveka fungo ngati la tsitsi lopserera.

Linali tsiku lachisanu zikuchitika chimodzimodzi. Mavairasi anachotsa, mawaya anasintha, koma ayi ndithu. Atasuzumira panja anaona mayi Zainab, amasiye okalamba ogulitsa matemba, akukwekweta masilipasi kupita kumzikiti.

"Amayiwa akangodutsa, makina anga amafa," anauza anzake pa bawo. Ankangocheza, koma pakamwa, abale inu, pakamwa!

Sabata isanathe nkhaniyo inali itafika mpaka ku Chiuta. Wina anati amawamva akuyenda padenga pake. Wina anati fungo lopserera lija limamvekanso pachitsime. Ndiye mwana wa a Sharifu, bambo wina wa m'mudzimo, anatentha thupi m'mawa, pofika madzulo n'kumwalira. Pamaliropo a Sharifu anamugwira dzanja Mubarak.

"Iwe, zija unanena, unaona ndi maso ako?"

Anthu onse anamuyang'ana. Iye anachita mantha kubweza mawu.

"Ndinaona."

"Ngati akuzimitsa makina, nanga mwana?"

Mawa lake nyumba ya mayi Zainab inali phulusa. Iwo anathawa pabwato, kulowera ku Mozambique. Komatu Magharibi atakwana, kompyuta ija inazimanso!

Mubarak anaitanitsa a Blasius, okonza makompyuta a ku Balaka. Anamasula, n'kununkhiza, n'kutulutsa kabokosi kachitsulo kodzaza fumbi.

"Vuto ndi pawa sapulayi iyi, achimwene, yogawa magetsi m'makinamu. Kafani kake kanafa, mkatimu mwapserera. Madzulo aliyense akayatsa magetsi mphamvu imatsika, iyo n'kugonja."

"Si munthu?"

"Munthu wanji?"

Anaika ina, makina n'kuyenda bwinobwino. Mubarak sanauze aliyense. Chakudya chinaleka kulowa, ndipo kumzikiti ankaima kumbuyo kwenikweni, manyazi ndi chisoni zikumudya.

Patapita masabata atatu, dzuwa likulowa, kunabwera Haruna, msodzi, mwana yekhayo wa mayi Zainab. Amayi ake anali atapezeka m'mabango, bwato litagudubuzika.

"Mundisindikizire chithunzi chawo chili m'fonimu," anatero Haruna motsitsa mawu. "Ndabwera kwa inu chifukwa tsiku lija inu nokha simunanyamule moto."

M'malo moulula, Mubarak anatenga waya. Analumikiza foni. Nkhope ya mayi Zainab inadzaza sikirini yonse ya kompyuta, mpango woyera kumutu, maso ali pa iye. Anasindikiza, Haruna n'kuthokoza, n'kumapita.

Atatsala yekha anadina batani lozimitsira. Palibe. Anadinanso, n'kukanikiza mpaka chala kuwawa. Ndiye anagwada n'kuzula pulagi kukhoma, kafani katsopano kaja n'kukhala chete.

"Amayi, ndinanama ine," ananong'ona, waya uli m'manja. "Mundikhululukire."

Nkhope ija sinachoke.