Shigeto, Mlembi Wosafufuta

Kuno ku Osaka kunali banja lina limene likamadutsa, anthu ankasiya kudya n'kumasuzumira pawindo. Shigeto ndi mkazi wake Chizuru anakumana m'kalasi ya achinyamata ophunzira kulemba masewero a pa kanema, ndipo ankakondana mpaka kufunda ambulera imodzi kopanda mvula.

Koma kalembedwe kawo kanali kosiyana. Chizuru ankalemba, kung'amba, kulembanso, moti wotola zinyalala wa mumsewu wathu anapindika msana ndi mapepala ake. Ndinamuona ndi maso angawa. Shigeto ayi. Akamaliza tsamba ankalinunkhiza ngati duwa, amvekere, "Mawu oyamba ndiwo amoyo. Ofufuta ndi amantha." Masewero ake onse ankabwezedwa, ena mofulumira kwambiri moti ankamupitirira panjira n'kukamudikira pakhomo.

Tsono kampani ina inasankha sewero la Chizuru. Monga mwa mwambo wa ntchitoyi, anamutengera ku nyumba ya alendo kumapiri n'kumutsekera m'chipinda, zimene timati kuika mlembi m'chitini: satuluka, salandira foni, kufikira atakonza zonse. Ololedwa kulowa anali a Kuramochi okha, mdala wa kukampaniko wadazi, wodwala mawondo, amene ntchito yawo inali kuwerenga masamba n'kupukusa mutu.

Mwambowu Shigeto ankaudziwa bwino. Chimene chinkamudya n'chakuti iye palibe anaganizapo zomutsekera. Nsanje ya munthu wolephera ndi yauve, abale, imafuna wina woti imupake.

Tsiku lina akudya pa kalesitilanti ka Mayi Furuta, mayiwo anayamba.

"Kodi a Shigeto, akazi anu akukonzabe?"

"Akukonza, mayi."

"Ii, sewero lanji lofuna chitseko chokhoma? Inu mumalemba tsiku limodzi n'kutha. Kapena akukonza ndi zina?"

Odya onse anaphulika kuseka. Shigeto anasiya mbale yodzaza n'kukakwera sitima. Pofika kumapiri anali atapeka kale nkhani yonse m'mutu: kumene Chizuru ndi a Kuramochi anayambira chibwenzi, zimene amanong'onezana, ngakhale mtundu wa bulangeti.

Anakankha chitseko dzuwa lili paliwombo. Anapeza Chizuru ali ndi tsitsi losapesa, mapepala mpaka m'mawondo, a Kuramochi atakhala patali akudzitikita bondo.

"Ndakugwirani!"

"Mwagwira chiyani inu? Vulani nsapato, mukuponda gawo lachitatu!"

"Iwe, milungu yonseyi sewero limodzi? Ukundiyesa mwana?"

"Amuna anga, umu ndi mmene amalembera anthu amene masewero awo amaonetsedwa."

Mawu amenewa anamulasa. A Kuramochi, pofuna kuziziritsa, analankhula mwaulemu.

"Khalani pansi, mphwanga. Anunso ndinawerengapo. Luso lilipo ndithu, mukangobwerezako pang'ono..."

Sanamalize. Shigeto ananyamula ketulo yachitsulo imene inali pamoto n'kuwakhoma nayo pamutu. Mdala amene anali woyamba padziko lino kumuuza kuti ali ndi luso anagwa chafufumimba, ndipo sanadzukenso.

Kukhoti, chitsiruchi chinafotokoza nkhani yake ija monyadira ngati chikulandira mphoto. Woweruza anafunsa, "Munawaona akugwirana dzanja?" Ayi. "Munafunsako wantchito aliyense wa panyumbapo?" Ayi. "Nanga bulangeti mukunenali linali kuti?" Shigeto anayang'ana kudenga. Anamugamula zaka khumi ndi zinayi kundende. Chizuru anatuluka osacheuka, anathetsa banja, ndipo sewero lija analimaliza yekha, dzina la a Kuramochi analiika koyambirira.

Inu achinyamata olemba, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ichi chokha mverani. Chimene chayamba kubwera m'mutu mwanu chikhazikeni pansi muchifunse mafunso, chikalephera kuyankha muching'ambe. Shigeto anapeka nkhani imodzi m'sitima, sanaibwereze, ndipo munthu wosalakwa ali m'manda.