Dzina Lachitatu pa Adiresi ya Malonda

Vitus ndi Esitele anakwatirana m'chaka chimene mtedza unachita bwino ku Mavwere, ndipo amene anavina pa ukwati wawo ankati banja ili lidzafika patali. Onse awiri ankagwira ntchito ku kopaletivu ya alimi a mtedza pa boma la Mchinji. Esitele ankalandira maoda a ogula, Vitus ankayang'anira makompyuta ndi webusayiti. Masana ankadyera limodzi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, akaweruka n'kukwera njinga yamoto imodzi. Kwa zaka zitatu palibe amene anawamvapo akukwezerana mawu.

Pa seva, kompyuta yaikulu imene inkasunga webusayitiyo, Vitus ndiye ankapanga maadiresi a imelo. Ena anali ndi bokosi lawolawo, ena ongodutsitsa makalata, amene anthu a makompyuta amati eliyasi. Adiresi ya malonda inali yotero: kalata ikafika inkapita kwa aliyense amene Vitus wamulemba pamndandanda. Poyamba panali Esitele yekha. Atapita kutchuthi chobereka, Vitus anawonjezerapo Lettie, mtsikana amene anamugwirizira ntchito, yemwe ankakhala kwa amalume ake, wapampando wa kopaletivuyo. Esitele atabwerera, mayina onse awiri anatsala.

M'miyezi ya tchuthiyo ndi mmene Lenard, dalaivala wa thiraki wa ku Chipata, anayamba kudzatenga mtedza. Anakondana ndi Lettie mobisa, poti amalumewo anali atanena kale kuti munthu wogona m'misewu sadzakwatira pakhomo pawo, ndipo foni ya mtsikanayo kunyumba ankaitsegula. Choncho Lenard ankalembera ku adiresi ya malonda, ndipo pansi pa chiwerengero cha matumba ankawonjezera timawu take tachikondi, osatchula dzina. Esitele ankaziwona n'kumamuseka mnzakeyo. Lettie anamuchonderera kuti asauze munthu, ngakhale mwamuna wake. Esitele analonjeza, ndipo nthawi zina ankamuperekeza pamalo oima mathiraki kuti anthu asakayikire.

Koma maso a anthu amawona zimene akufuna. Amayi ogulitsa mbatata pamalopo anawona mkazi wokwatiwa ataima pafupi ndi thiraki ya ku Zambia, mtsikana amene anali naye sanamuwerengere. Nkhani inayenda kuchoka pamsika mpaka kutchalitchi, ndipo inamupeza Vitus akumetetsa, wometayo akulankhula ngati womumvera chisoni.

Sanafunse mkazi wake. Mawa lake anatsegula seva, n'kulemba adiresi yake pansi pa mayina awiri aja. Zinamutengera mphindi imodzi yokha. Dzina la Lettie linali pomwepo pamaso pake, ndipo analilemba yekha ndi zala zake, koma munthu wansanje amawerenga mzere umodzi basi.

Kalata yoyamba inafika Lachiwiri. Matumba mazana awiri, kenako pansi pake mawu akuti wamusowa, m'Chinyanja cha ku Chipata: "Nakuyewa maningi. Nizabwela pa Friday, unilindile."

Kuyambira tsikulo Vitus anasintha. Kwa miyezi inayi ankawerenga kalata iliyonse, n'kumaisindikiza, n'kumaibisa m'katoni ya pulinta yakale. Chakudya cha pansi pa mango chinatha. Anayamba kuonda, kumangokhala chete, ndipo nthawi zina ankayang'anitsitsa nkhope ya mwana wake ngati akufufuzamo munthu wina. Esitele ankaganiza kuti ndi kutopa ndi ntchito. Nsanje ndi katundu wolemera amene munthu amadzisenzetsa yekha, ndipo akatopa naye amakwiyira aliyense amene akuyenda mopepukidwa.

Lamlungu lina atachoka ku Misa, Vitus anakhuthulira mapepala aja pampasa pamene Esitele ankasenda nyemba.

"Werenga mokweza. Ndikufuna ndimve mmene zimamvekera m'kamwa mwako."

Esitele anawerenga pepala limodzi, n'kuyang'ana mulu wonsewo. "Ndiye kuti miyezi yonseyi mwakhala mukundizonda? Makalatawa si anga, ndi a Lettie."

"Lero wabisala kumbuyo kwa mnzako."

"Munamulemba nokha pa adiresi ija, bambo a mwana. Mwaiwala?"

"Nanga ku mathiraki amapitako ndi ndani? Tawuni yonse ikundiseka. Ine ndimakunyamula pa njinga m'mawa, masana n'kumakakwera ya mnzanga."

"Ndatopa, Vitus. Kamufunseni mwini wake."

Lolemba Vitus anamupeza Lettie mu ofesi. Chitseko cha amalume ake chinali chotsegula, iwo ali mkati. Mtsikanayo anawerama, nati sakudziwapo kanthu, ndipo dalaivalayo amangomuwona ngati kasitomala wina aliyense. Linali bodza laling'ono la munthu wamantha. Masana omwewo analira pamaso pa Esitele, nalonjeza kuti akapeza mpata adzaulula zonse Loweruka. Esitele anavomera kudikira, poganiza kuti mwamuna amene wapirira miyezi inayi apiriranso masiku asanu.

Lachisanu dzuwa lili paliwombo, thiraki ya Lenard inaima pakhomo pa nyumba yosungira mtedza. Esitele anali pa sikelo akulemba matumba, monga mwa ntchito yake. Lenard anatsika akuseka, nam'patsa kaphukusi ka chitenje kuti akapatse Lettie. Vitus ankayang'ana ali pawindo la ofesi. Anatuluka osathamanga, anatola chitsulo chotsekera chitseko chachikulu, n'kumumenya Lenard kamodzi m'mutu. Onyamula matumba anamugwira asanakwezenso dzanja, koma kamodziko kanakwana. Lenard anamwalira asanafike naye kuchipatala, osadziwa n'komwe chimene anafera.

Mlandu unatenga chaka ndi miyezi. Womuimira Vitus ananena kuti unali mkwiyo wadzidzidzi wa mwamuna amene wawona mkazi wake akulandira mphatso. Koma boma linabweretsa katswiri wa makompyuta wa ku Lilongwe, amene anawonetsa zimene seva inasunga: tsiku ndi ola limene dzina lachitatu linawonjezedwa pa adiresi ya malonda, ndiponso amene analiwonjezera. Katoni ya mapepala ija nayo inaikidwa patebulo. Kenako anaitana Lettie. Analankhula motsitsa mpaka woweruza anamuuza kawiri kuti akweze mawu. Anati makalata onse anali ake, chitenje chinali chake, ndipo tsiku limene a Vitus anamufunsa, anawanamiza.

Vitus sanadzutse mutu. Woweruza anati munthu amene wasonkhanitsa mapepala kwa miyezi inayi sanganene kuti mkwiyo unamudzidzimutsa, ndipo anamulamula kukakhala m'ndende zaka makumi awiri ndi zisanu akugwira ntchito yakalavulagaga. Mayi a Lenard, amene ankadutsa boda tsiku lililonse la mlandu, anangomanga chitenje chawo n'kutuluka osayang'ana aliyense.

Esitele anapita kukamuwona kundende ya Maula kamodzi kokha, atabereka mwana kumbuyo. Vitus anayamba kupepesa, koma iye anamudula, nati sanabwere kudzamva zimenezo, wangobwera kudzamuuza kuti akubwerera kwa makolo ake ku Chiosya. Anafunsa funso limodzi lokha: tsiku limene ankalemba dzina lake pa seva, kodi la Lettie sanaliwone? Vitus anati analiwona.

Amene anamuwonapo m'katimo akuti tsitsi lake layamba kuyera, ndipo amakhala pakhoma osalankhula ndi munthu. Nsanje sifufuza kuti idziwe chowona, imangofuna umboni wa chimene yagamula kale. Vitus anali ndi makiyi a makalata onse a kopaletivu, koma analephera kukhala pansi ndi mkazi wake n'kumukhulupirira kwa masiku asanu. Mayi wa ku Chipata anaika mwana wake m'manda, Lettie anachoka m'Mchinji osatsanzika, ndipo ku Chiosya kukukula mwana amene adzayambe kumeta ndevu bambo ake asanatuluke.