Dzenje Limene a Sipoko Sanaloze

Madzulo amenewo panalibe chachilendo. Anthu anadya, mbale zinachotsedwa, ndipo mtsikana wotsogolera ulendo anaimirira pafupi ndi khomo la chipinda chodyera, pepala lili m'manja. Anthu khumi ndi anayi anatchera khutu. A Sipoko anali kumapeto kwa tebulo atapinda manja.

Dzinali anawapatsa ndi anthu a pamsika, poti kwa zaka makumi anayi ankakhala pansi pa lata limodzi n'kumakunga masipoko a njinga ndi kumata machubu. Ulendo wa panjinga wa kunja kwa dzikowu anawakonzera ndi mwana wawo wamkazi, amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri sanapondeko pakhomo pawo. M'malo mobwera kudzawaona, anatumiza tikiti. "Bambo, inu mumakonda njinga, kasangalaleni." Ana a masiku ano ndi otero. Munthu wakalambira pa chishalo, mphatso yako n'kukhala chishalo chomwecho, koma tsopano pali kamtsikana kokuuza mokhalira.

"Wotsogolera sapitiriridwa," anatero mtsikanayo. "Amene watopa anene, sitisiya munthu m'njira. Chisoti sichivulidwa. Koma chachikulu ndi ichi. Tikamayenda mondondozana, wa kumbuyo saona msewu, amangoona msana wanu. Maso ake ndinu. Mukaona dzenje, lozani pansi ndi dzanja, mufuule kuti dzenje. Iyenso auze womutsatira."

"Amene alibe maso atsale pompano," anang'ung'udza a Sipoko.

Anthu anaseka. Amene anaseka kwambiri anali Aphunzitsi, bambo wonenepa wopuma pantchito, amene ankagona nawo chipinda chimodzi. Njinga anaiphunzira ali ndi imvi kale, ndipo magalasi awo anali ochindikala ngati kunsi kwa botolo.

"Wopanda masoyo ndine, achimwene," anatero akupukuta misozi. "Ine ndizingomatirira kumbuyo kwanu ngati chigamba."

Ndipo anamatiriradi. Tsiku loyamba, tsiku lachiwiri, paliponse pokhota mawu anali omwewo: "Achimwene, kutsogolo kuli bwino?" A Sipoko ankayankha ndi mphuno. Aphunzitsi sanawalakwire kanthu, koma anali mphunzitsi, ndipo anali mphunzitsi wina amene anawathamangitsa m'kalasi yachitatu n'kuwauza kuti mutu wawo ndi wosenzera katundu. Zoterezi siziola. Pa tsiku lachiwirilo mtsikana uja anawalanda sipanala m'manja, ati njinga za kampani zili ndi makaniko wake. Pa lachitatu anawadzudzula pagulu chifukwa chovula chisoti pokwera mtunda. Amayi ena anayang'ana kumbali kuti asaoneke kuti akuseka.

Tsiku lachitatu lomwelo mvula inawachedwetsa. Dzuwa linalowa akadali m'nkhalango, pa mtsetse wautali wotsikira kumene ankakagona. Anayatsa nyali. Mtsikanayo anayamba kumanga mabuleki, akuti aliyense atsike pang'onopang'ono. A Sipoko anamuyang'ana pamsana. Anamasula zala. Njinga inamupitirira ngati mphepo.

"Agogo! Agogo, bwererani pamzere!"

Sanabwerere. Kumbuyo kwawo anamva kupuma kwa Aphunzitsi. Munthuyo anazolowera kutsata msana umodzi wokha, ndipo msanawo utathamanga nayenso anathamanga.

Dzenjelo a Sipoko analiona bwinobwino. Madzi anali atadya phula m'mbali mwa msewu, pakamwa pake ngati beseni lochapira. Analizemba ndi chiuno chokha, monga ankachitira kuyambira ali wamng'ono. Dzanja lamanja linafuna kuchoka pa handulo, iwo analimva likufuna. Analikanikiza pomwepo. Aone yekha, si anaphunzira?

Silinali phokoso lalikulu. Linali ngati thumba lagwa pangolo. Belu linalira kamodzi. Kenako mayi wina anakuwa, ndipo mabuleki ambiri analira nthawi imodzi.

A Sipoko sanacheuke. Anadziuza kuti akukaitana anthu. Koma galimoto ya katundu inali kumbuyo kwa gululo, aliyense anali ndi foni m'thumba, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Anangopalasa.

Mtsikana uja anali atawauza kuti akawoloka mlatho aona magetsi a nyumba yogona. Mlatho anawoloka. Magetsi panalibe. Mitengo yokhayokha mbali zonse, ikudontha madzi. Anapalasabe. Patapita nthawi anafika pa mlatho wina. Chitsulo cha m'mbali mwake chinali chopindika pamalo omwewo ngati cha woyamba uja.

M'pamene anamva.

Khwee. Khwee. Khwee.

Munthu wina akanati ndi mbalame. Iwo ayi. Limenelo linali limu lopindika likukhula buleki, gudumu la kutsogolo, masipoko atatu kapena anayi atathothoka. Linali kumbuyo kwawo, pafupi, mtunda wosakwana mkono. Anayang'ana pansi kuti aone chithunzithunzi chawo. Panalibe. Wobwera kumbuyoyo analibe nyali.

Anapalasa mwamphamvu. Khwee-khwee-khwee. Analeka kupalasa. Khwee... khwee. Ndiye panamveka kupuma, kuja kolira ngati kamluzu, kumene kunawasowetsa tulo masiku atatu m'chipinda.

"Achimwene, kutsogolo kuli bwino?"

A Sipoko anangopalasabe. Nyali yawo inaunikira m'mbali mwa msewu, ndipo dzenje lija linali pomwepo, pakamwa ngati beseni. Chiuno chinazemba chokha.

Thumba linagwa. Belu linalira kamodzi.

Kunakhala zii. A Sipoko anamva mtima wawo wokha ndi matayala awo pa phula lonyowa. Anawerenga mpaka makumi awiri. Anayamba kuganiza kuti zatha.

Khwee. Khwee. Tsopano limulo linkakhula kwambiri, ndipo tcheni inkagunda chitsulo. Kupuma kuja kunali ndi madzi mkati.

"Achimwene... kuli bwino?"

Mlatho unabweranso. Mtsetse unabweranso. Dzenje linabweranso. Ulendo uno anafuna kufuula, Mulungu ndi mboni, koma lilime linamatirira m'kamwa ndipo zala zinakana kusiya handulo. Thumba linagwa. Belu silinalirenso bwino, linangoti ke. Mkodzo unatsika wofunda ndi mwendo mpaka m'nsapato, ndipo iwo sanaime.

Kachitatu dzanja analichotsa ndi mphamvu ngati akuzula msomali. Analoza pansi.

"Dzenje!"

Mawu awo anamveka nkhalango yonse. Anadikira thumba. Silinagwe. Khwee uja anakhotera kumanja pang'ono n'kubwerera pamzere.

"Zikomo, achimwene."

Kuyambira pamenepo sanalekenso. Mlatho, mtsetse, dzenje. Mlatho, mtsetse, dzenje. Nyali inafiira n'kuzima, koma iwo anali atadziwa kale kuti kuchokera pa chitsulo chopindika ndi mapedulo angati. Ankaloza mumdima, kwa munthu amene sankatha kuona dzanja lawo, n'kumafuula. Kenako anayamba kunena zonse. Mwala. Nthambi. Madzi. Pokhota, achimwene, mangani pang'ono. Mawondo ankayaka moto. Kamodzi anasinza, ndipo anadzidzimuka atamva khwee uja akutsalira, akuchepa, ngati munthu amene wafuna kukhala pansi m'njira. Anachita mantha kuposa poyamba. Anachepetsa liwiro n'kumudikira.

"Musatsale, Aphunzitsi. Ndili pano."

Mawu anayamba kusasa. Kenako anatha. Anapitiriza kuloza, pakamwa pakungotuluka mpweya.

Anawapeza kutangoyera. Woyendetsa galimoto ya katundu ndi mtsikana uja anawaona ali chiimire m'mphepete mwa dzenje, njinga ili pakati pa miyendo, dzanja litaloza pansi, milomo ikugwedera. Pafupi ndi phazi lawo panali kagalasi kosweka. Dzanjalo anachita kulitsitsa awiri. Mtsikanayo anayang'ana buluku lawo, anangovula jekete n'kuwamanga nalo m'chiuno.

M'galimoto m'mene anamva zina zonse. Aphunzitsi anagwa ndi mutu, chisoti chinang'ambika pakati. Usiku wonse sanatsegule maso, mpaka adokotala ananena kuti akazi awo auzidwe. Koma m'bandakucha anatsitsimuka, ndipo mawu oyamba anali ofunsa a Sipoko.

A Sipoko analowa m'chipinda cha odwala kuchipatala atavala buluku lobwereka, lalifupi, akakolo ali pamtunda. Anthu a gulu lija anali atazungulira bedi. Anawapatsa njira. Aphunzitsi, mutu wonse uli m'mabandeji, anatambasula dzanja n'kugwira lawo, lomwe lija lamanja.

"Munthu uyu," anatero motsitsa. "Inu simukudziwa. Usiku wonse anali patsogolo panga. Kunali mdima, njinga yanga itapindika, ine nditatopa ndikufuna kungogona pamsewu. Iye osandisiya. Akanatopa iyeyu, sindikanafika."

Amayi amene ankaseka aja anayamba kulira.

"Koma kugwako sindikukumbukira," anapitiriza Aphunzitsi. "Ndiye kuti munaloza, achimwene, ine osaona. Magalasi angawa, eti?"

Maso onse anali pa a Sipoko. Mtsikana uja anali pakhomo. Iye anali kumbuyo kwawo pa mtsetse paja, nyali yake ili pamsana pawo, ndipo manja a a Sipoko onse awiri anawaona ali pa handulo. Anangodikira.

A Sipoko anatsegula pakamwa. Anayesa ndithu. Panatuluka mpweya wokha.

"Musavutike," anatero Aphunzitsi akuwasisita dzanja. "Ndikudziwa."

Usiku umenewo m'makhonde a nyumba yogona munali manong'onong'o. Woyendetsa galimoto ankalumbira kuti pamalo paja anadutsapo kanayi ndi magetsi akuluakulu, ndipo panalibe munthu. Makaniko anati njinga ya Aphunzitsi anaikhomera yekha m'galimoto madzulo aja ili ndi masipoko atatu othothoka, koma m'mawa anaipeza ndi asanu ndi anayi, matayala ali ndi matope osauma. Ena ankati nkhalangoyo ili ndi eni ake. Ena ankati munthu akakhala pakati pa moyo ndi imfa amagwira amene amamukhulupirira, ndipo samusiya mpaka amufikitse.

Mawu a a Sipoko anabwerera patatha masiku atatu. Anapempha nawo madzi. Anafunsa nawo nthawi ya ndege. Anatsanzika nawo Aphunzitsi, n'kuwauza kuti achire msanga. Zinazo sananene.

Aphunzitsi anachira, ngakhale diso limodzi silionanso. Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi amaimba foni kuti athokoze. A Sipoko amaiyang'ana ikulira patebulo, mpaka ileke yokha.